Tiyi wa Pantchito ndi Shuga wa M'magazi

 Ena mwa inu mwafika kuno kuchokera ku ntchito ya usiku maso ali psuu, ndipo ena mwachita kupempha maola awiri okha kwa abwana, choncho sinditaya nthawi yanu. Ndaona ketulo ikuwira kumbuyoko, ndaonanso mapaketi a mabisiketi patebulo. Amayi amene mwakonza zimenezi mundikhululukire, pakuti nkhani yanga ya lero ikukhudza zomwezo.

Ine ndimamwa tiyi, ndipo sindinabwere kudzakuletsani. Tinakulira tiyi ife. Ambiri muno muli ndi wachibale amene anathyolapo masamba m'minda ya ku Thyolo kapena ku Mulanje, kapena amene anadulapo nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Kwathu tiyi wopanda shuga ndi chizindikiro chakuti m'nyumba zinthu zavuta, ndipo mlendo wolemekezeka timamuthirira shuga mosaumira. Munthu amene anakula akuona shuga pa Khirisimasi pokha, akafika kuno ku Joni n'kutha kugula paketi yathunthu ndi ndalama ya thukuta lake, ndi chipongwe kungomuuza kuti "siyani." Chimene ndikufuna n'chakuti muone zimene kapu imeneyo imachita ikalowa m'thupi, ndiponso muone chifukwa chake ambiri a ife timaimwa kanayi kapena kasanu pa tsiku. Chifukwacho, monga muonere, chili kuntchito kuposa pakamwa.

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. M'magazi onsewo, pamene munthu ali bwino ndipo sanadye, shuga amene akuyendamo ndi wokwana supuni yaing'ono imodzi yokha, magalamu 4 kapena 5. Thupi limausamala muyeso umenewu usana ndi usiku. Tsono taganizani za kapu yanu ya m'mawa. Mwathira masupuni atatu, ndipo masupuni athu sitisalaza, timachita kuunjika. Pambali pali mabisiketi anayi kapena asanu, opangidwa ndi ufa woyera wa tirigu, shuga ndi mafuta. Ufa woyerawo, ngakhale sutsekemera kwambiri pakamwa, ukafika m'matumbo umasanduka shuga mwamsanga. Chamadzi sichikhalitsa m'mimba, makamaka m'mimba mopanda kanthu. Ndiye pakangotha theka la ola kapena ola limodzi, m'magazi mwalowa shuga wochuluka kangapo kuposa amene analimo.

Zikatero kapamba, kachiwalo kamene kali kuseri kwa chifu, kamatulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kutsekula makomo a minofu ndi chiwindi kuti shuga achoke m'magazi n'kukasungidwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Kwa munthu wathanzi, pakatha maola awiri kapena atatu zinthu zabwerera m'malo. Koma shuga akakwera mothamanga amatsikanso mothamanga, ndipo ambiri mukuidziwa nthawi imeneyo: thupi lefuu, kuyasamula, mutu waziwazi, njala yabwereranso ngati simunadye kanthu. Mankhwala amene timawadziwa a kufooka kumeneko ndi kapu ina ya tiyi. Motero tsiku lonse limatha shuga akukwera ndi kutsika, kapamba akugwira ntchito yopanda mpumulo.

Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri thupi limapirira. Zaka zikachuluka, makamaka ngati mimba yayamba kukula, kapena ngati kubanja kwanu alipo amene anadwalapo matenda a shuga, minofu imayamba kusamvera insulini. Kapamba amaonjezera, minofu imapitiriza kugontha, mpaka tsiku lina shuga akwera osatsikanso. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Matendawa amatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akudzuka n'kumapita kuntchito bwinobwino, kwinaku akuwononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi. Muno mu South Africa, malipoti a boma a zifukwa za imfa akhala akuika matenda a shuga pakati pa matenda opha anthu ambiri, ndipo kwa amayi akhala ali patsogolo penipeni.

Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12 osalaza, ndipo linanenanso kuti kutsika kufika pa masupuni 6 n'kwabwino koposa. Werengani nokha. Makapu anayi a masupuni atatuatatu akwana kale 12, musanatsekule paketi ya mabisiketi, musanagule chakumwa chozizira pa spaza. Boma la dziko lino linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu Epulo 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'mabotolo awo. Koma msonkho umenewo sufika m'kapu mwanu. Shuga wa m'tiyi mumathira ndinu, ndipo ubwino wake ndi womwewo: ndinunso amene mungamuchepetse popanda kudikira lamulo.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wa nkhani yanga. Ndikafunsa anthu athu kuti adya chiyani kuyambira m'mawa, yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Ndangomwa tiyi." Mayi wogwira ntchito za m'nyumba wadzuka 4 koloko kuti apeze takisi, wafika kuntchito wapeza mbale za dzulo, ana oti awakonzekeretse, zovala zoti asite. Chimene angathe kudya ataimirira, dzanja lina lili pa ntchito, ndi tiyi ndi buledi woyera kapena mabisiketi. Mlonda amene ali yekha pageti maola khumi ndi awiri ali ndi ketulo m'kanyumba kake, alibe pophikira, ndipo tulo akulimbana nato ndi shuga. Wa pafamu ya mphesa kapena ya malalanje nthawi yokolola amalipidwa potengera madengu amene wadzaza, ndiye kukhala pansi kuti adye kuli ngati kutaya ndalama. Woyendetsa thiraki amene wakhala pamzere ku Beitbridge masiku awiri amadya zimene zikugulitsidwa pawindo. Anthu onsewa tiyi ndi mabisiketi sakuzidya ngati zokometsera pakamwa. Zalowa m'malo mwa chakudya chimene ntchito yawalanda.

Apa m'pamene nkhani ya shuga ikukumana ndi nkhani ya ufulu wanu. Lamulo la dziko lino la Basic Conditions of Employment Act la 1997, mu gawo 14, likunena kuti wantchito amene wagwira maola opitirira asanu mosalekeza apatsidwe nthawi ya chakudya yokwana ola limodzi lathunthu. Ola limenelo lingachepetsedwe kufika pa mphindi 30 pokhapokha mutagwirizana molemba. Abwana angakupempheni kugwira ntchito m'nthawi yachakudyayo kokha ngati ntchitoyo singasiyidwe ndipo palibe wina woigwira, ndipo zikatero nthawiyo iyenera kulipidwa. Malamulo a antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu nawonso ali ndi nthawi ya chakudya yotereyi. Lamuloli silifunsa kumene munabadwira. Ngakhale pa nkhani ya mapepala, Khoti la Zantchito linagamula mu 2008 kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA. Inu amene mukugwira ntchito ku Botswana, ku Zimbabwe, ku Zambia kapena ku Mozambique, malamulo a kumeneko ndi ena, ndipo mufunse bungwe la antchito la kumene muli kuti likuonetseni zimene akunena pa nthawi yopuma.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Adokotala a pamsonkhano, lamulo lili papepala, koma ine ndikatsekula pakamwa mawa pageti pali wina." Mantha amenewo ndi oona, ndipo sindikukutumani kuti mukayambe ndewu. Koma pali kusiyana pakati pa kukangana ndi kupempha chinthu chodziwika. Kunena kuti "Madamu, 1 koloko ndizikhala pansi theka la ola kuti ndidye" ndi pempho limene mabwana ambiri savutika nalo, kungoti palibe anawauzapo. Kumene muli ambiri, monga pafamu kapena pakampani ya alonda, musapite mmodzimmodzi. Ndipo lembani m'kabuku maola amene mwagwira ndi masiku amene simunapume, chifukwa tsiku la mlandu kabuku kameneko kamalankhula kuposa kukumbukira.

Nthawi ya chakudya ikapezeka, funso n'lakuti mudya chiyani, ndipo pano sindikutchulirani zakudya za m'masitolo a anthu olemera. Chinsinsi chachikulu n'chakuti shuga asalowe yekha m'mimba yopanda kanthu. Zakudya zomanga thupi, zamafuta achilengedwe ndi zamasamba zimachedwetsa chifu, ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono m'malo mokhuthukiramo. Dzira lowiritsa limodzi kapena awiri musanamwe tiyi. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja, umene umakhala m'thumba la yunifolomu sabata yathunthu osawonongeka. Chiponde chopaka pa buledi wabulauni. Peyala. Kapu ya chambiko, amene kuno amati amasi, wosathira shuga. Nyemba zotsala dzulo m'kabokosi. Ngakhale mbatata yowiritsa kapena chimanga chophika, zimene tinkamwera tiyi kumudzi, zimagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa mabisiketi, ngakhale kuti nazonso zimasanduka shuga ndipo zili ndi muyeso wake. Ngati bisiketi mukuifuna ndithu, idyeni pomaliza, mutadya kale chakudya, ndipo tulutsani ziwiri n'kutseka paketi. Paketi yotsekula pafupi ndi munthu amene ali yekha usiku sifika m'mawa, zimenezi tonse tikuzidziwa.

Za shuga wa m'kapu, musadumphe kuchoka pa masupuni atatu kufika pa tiyi wowawa tsiku limodzi. Amene amatero amabwerera pa Lachitatu. Chotsani theka la supuni, mukhale pamenepo sabata imodzi kapena ziwiri, kenako muchotsenso theka lina. Lilime limazolowera, ndipo pakatha miyezi iwiri tiyi amene munkamwa kale mudzamumva ngati manyuchi. Salazani supuni. Gwiritsani kapu yaing'ono m'malo mwa chikapu chija cha theka la lita. Ndikuchenjezeninso za zinthu zitatu zimene zimanamiza anthu. Shuga wabulauni ndi shuga yemweyo, ndipo uchi nawo umakweza shuga wa m'magazi. Mkaka wa m'chitini wokhuthala uja, wotsekemera, pafupifupi theka lake ndi shuga. Ndipo ufa woyeretsa tiyi umene ambiri timautcha mkaka, kawirikawiri si mkaka: werengani pa paketi, mudzapeza kuti zoyambirira kutchulidwa ndi shuga wa mtundu wa glucose ndi mafuta. Mkaka weniweni, wamadzi kapena waufa, ndi wabwino kuposa zimenezo. Pa mapaketi a mabisiketi yang'anani mzere wolembedwa kuti total sugar, pansi pa muyeso wa magalamu 100, ndipo gawani nambalayo ndi 4 kuti mupeze masupuni. Mawu okometsera olembedwa kutsogolo kwa paketi asakutengeni mtima.

Chinthu china chothandiza n'chaulere. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini atachepa. Kuyenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu mutangotha kudya kumachepetsa kukwera kwa shuga moonekeratu. Inu alonda, ulendo wozungulira mpanda muziuyamba mukangomaliza kudya, osati kudya n'kukhala pampando maola awiri. Inu oyendetsa mathiraki, tsikani muzungulire galimoto kangapo. Amayi a m'nyumba ndi a m'mafamu mwina mukuseka, poti inu simukhala pansi n'komwe, ndipo n'zoona kuti pa mfundo iyi muli patsogolo. Vuto lanu limabwera madzulo, pamene mwafika kunyumba ndi njala ya tsiku lonse n'kudya nsima mitanda inayi, kumwera tiyi wina, n'kugona pomwepo.

A ntchito ya usiku ndikuuzeni mwapadera. Thupi la munthu silitha bwino kusamala shuga usiku ngati mmene limachitira masana, ndipo kusagona mokwanira kumachititsa minofu kusamvera insulini. Kapu yomweyo ya tiyi imakweza shuga kwambiri 2 koloko ya usiku kuposa 10 koloko ya m'mawa. Idyani chakudya chenicheni musanayambe ntchito, ndipo pakati pa usiku mudalire mtedza, dzira ndi madzi. Chimene chimachotsa tulo m'tiyi ndi masamba ake, shuga ayi. Shuga angathe kukugwetsani m'tulo toposa toyamba.

Tsono pali anthu ena muno amene zonse ndanenazi ayenera kuzimva mosamala, chifukwa kwa iwo nkhani ili ndi mbali yachiwiri. Ndikunena inu amene munapezeka kale ndi matenda a shuga ndipo mukubaya insulini, kapena mukumwa mapiritsi monga glimepiride, gliclazide kapena glibenclamide. Mankhwala amenewa amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Mukawamwa m'mawa n'kugwira ntchito yolemetsa mpaka masana osadya, shuga angathe kutsika kupitirira muyeso, pansi pa 4 pa kamakina koyezera. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda mothamanga, njala yoopsa, kusokonezeka mutu ndi kulankhula ngati woledzera. Pamenepo tiyi wa shuga uja ndiye mankhwala opulumutsa moyo. Sungunulani masupuni atatu kapena anayi a shuga m'madzi, imwani, dikirani mphindi 15, ndipo ngati simunachire bwerezani, kenako mudye chakudya. Muziyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo mnzanu mmodzi wa kuntchito adziwe za matenda anu, pakuti alipo anthu amene anachotsedwa ntchito powaganizira kuti aledzera pamene shuga anali atatsika. Munthu akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo muitane ambulansi, pa foni ya m'manja nambala ndi 112. Kwa inu a mankhwalawa, nthawi ya chakudya ija si nkhani yokambirana mwaulemu chabe, ndipo kalata ya kukiliniki yonena zimenezi muipereke kwa abwana. Amene mukumwa metformin yekha, shuga satsika motero kawirikawiri, koma musasiye kapena kusintha mankhwala chifukwa cha zimene mwamva pamsonkhano.

Enanu amene simunayezetsepo, mverani thupi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuwonda popanda chifukwa, kutopa, maso kuchita chifunga, chilonda chosapola, kuyabwa kumalo obisika kobwerezabwereza, dzanzi kapena kutentha kumapazi. Msampha wake ndi wakuti ludzu la shuga timalithetsa ndi chakumwa chotsekemera, n'kumathira mafuta pamoto. Inu ovala majombo tsiku lonse, muziyang'ana mapazi anu madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa phazi limene lachita dzanzi silimva msomali kapena thuza, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa m'zipatala inayamba ndi kachilonda kosaoneka ngati kanthu. Koma musadikire zizindikiro. Ngati mwapitirira zaka 40, kapena thupi lakula, kapena muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kapena mayi anu, bambo anu kapena m'bale wanu ali ndi shuga, kapena munakhalapo ndi shuga muli oyembekezera, kayezetseni. Ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala. Mukayezedwa m'mawa musanadye, nambala ya 7 kapena kuposa ikuloza ku matenda a shuga. Mukayezedwa nthawi ina iliyonse, 11.1 kapena kuposa pamodzi ndi zizindikiro zija ikulozanso komweko. Akuchipatala amatsimikiza ndi kuyeza kwina, monga kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo.

Ndikudziwa kuti kupita kukiliniki masiku ano kwasanduka nkhani ya mantha kwa mlendo, poti m'madera ena magulu a anthu akhala akuima pageti n'kumafunsa ziphaso. Dziwani izi. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino likunena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la zaumoyo, ndipo mawu akewo ndi "aliyense," osati nzika zokha. Likunenanso kuti palibe amene angakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi. Lamulo la National Health Act la 2003 likuti thandizo la m'makiliniki a boma ndi laulere kwa onse amene alibe inshuwalansi ya zachipatala. Munthu wamba woima pageti alibe mphamvu yokufunsani pasipoti. Mukabwezedwa, musalimbane naye. Lembani tsiku, nthawi ndi dzina la kiliniki, mubweretse ku bungwe loona za ufulu wa alendo kapena ku ofesi ya uphungu wa zamalamulo, ndipo tsiku lotsatira mupite awiri kapena atatu.

Za tsiku lojomba kuntchito, lamulo lija la 1997 likupatsa wantchito masiku olipidwa a matenda okwana masabata asanu ndi limodzi a ntchito pa zaka zitatu zilizonse, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi tsiku limodzi pa masiku 26 alionse amene mwagwira. Nthawi zonse pemphani kalata kukiliniki. Shuga wanu akakhazikika, funsani anamwino za ndondomeko ya CCMDD, imene imalola odwala matenda okhalitsa kukatengera mankhwala pamalo apafupi popanda kuima pamzere tsiku lonse. Ndipo mukamapita kumudzi pa Disembala, tengani mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala, muziike m'chikwama cha m'manja, osati mu katundu wa m'ngolo ya basi. Insulini amawonongeka ndi kutentha, ndipo dzuwa la ku Tete mukulidziwa.

Anamwino awiri ali patebulo la pafupi ndi khomo ndi timakina toyezera. Amene simunamwe tiyi chifikireni, yambani mwapita kumeneko ketulo isanazungulire, kuti nambala yanu ituluke yoona. Amene mwamwa kale pitaninso, koma muwauze nthawi imene munamwa ndi masupuni amene munathira, ounjika kapena osalaza.